Funsani a ku Laibulale: “Kodi ndilembe kuti palibe anafufuzapo za likodzo kwathu?”

FUNSO

Zikomo amayi. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndikumaliza maphunziro a unamwino ndipo chaka chino tikulemba kafukufuku. Mutu wanga ndi wa likodzo pakati pa ana a sukulu za pulayimale za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kumene ndinakulira. Aphunzitsi amene akundiyang'anira andibwezera chaputala chachiwiri, akuti sindinawerenge zokwanira. Komatu ine ndasaka. Ndikalemba mutu wanga wonse pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya kafukufuku wa zachipatala, sipakutuluka kanthu, mwina ziwiri zitatu basi. Ndikalemba pa Google Scholar zikutuluka zambirimbiri za ku Egypt, Brazil ndi China, bandulo mpaka kutha ndisanapeze chogwirika. Kodi ndingolemba kuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi kwathu kuno?

Wophunzira unamwino, Mangochi

YANKHO

Achemwali, chiganizo chimenecho musachilembe. Ndakhala pa tebulo lothandizira ophunzira m'laibulale zaka zambiri, ndipo mawu akuti “palibe analembapo” ndawamva kosawerengeka. Kawirikawiri sakhala oona, ndipo pa nkhani ya likodzo ku Mangochi ndiye si oona m'pang'ono pomwe. Gombe la kwanuko akatswiri a likodzo akhala akuliponda kwa zaka zambiri, ku Chembe, ku Cape Maclear, dera lonse la Nankumba. Zolembazo zilipo. Chavuta ndi mayina amene mukuziitanira.

Mukafunsa agogo kumudzi kuti ana osamba kunyanja amadwala chiyani, akumvani ngakhale mutaphonya mawu ena, chifukwa iwo amamva cholinga chanu. Nkhokwe ya kafukufuku siimva cholinga. Imagwira mawu amene mwalemba n'kuyang'ana nkhani imene ili nawo. PubMed ikaona mawu angapo ondondozana imawamanga pamodzi mwakachetechete, ndiye mukaikamo mutu wanu wonse, wokhala ndi mawu ngati factors, knowledge, selected, lakeshore, primary ndi district, mwailamula kuti ikupatseni nkhani yokhayo imene ili ndi onsewo osasiyapo. Munthu amene anayeza mkodzo wa ana mazana ku Mangochi koma sanalembe liwu lakuti selected, mwamutsekera kunja. Chinanso, PubMed siiwerenga nkhani yonse ayi. Imayang'ana mutu, chidule cha nkhaniyo, mayina a olemba ndi mawu ena ochepa amene aikidwapo. Google Scholar ndiye imalowa mpaka m'kati mwa nkhani, n'chifukwa chake kafukufuku wa ku Brazil amene anangotchula dzina la Malawi kamodzi pa tsamba lomaliza akukutulukirani. Kwina mwatseka chitseko kwambiri, kwina mwachisiya pululu.

Zimitsani kaye data, mutenge pepala. Wophunzira aliyense wobwera kwa ine ndi vuto ngati lanuli ndimamupatsa pepala limodzi la A4, ndimuuze alipinde patatu chotalika, ngati mmene timapindira kalata. Pamwamba pa chigawo choyamba alembe matenda, pachiwiri anthu, pachitatu malo. Funso lanu lonse lili m'mawu atatu amenewa: likodzo, ana a sukulu, Mangochi. Zina zonsezo ndi zokometsera mutu. Kenaka pansi pa liwu lililonse mulembe mayina onse amene munthu wolemba m'Chingerezi angalitchulire. Ntchito yeniyeni ili pamenepa, ndipo siidya ngakhale tambala ya bandulo.

Tiyambe ndi matenda. M'kalasi munaphunzira kuti likodzo ndi schistosomiasis. Koma ena amalemba bilharzia, dzina lochokera kwa Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene anapeza nyongolotsi zake ku Cairo mu 1851, ndipo zolemba zakale zambiri zimati bilharziasis. Ena satchula matenda, amangotchula kachilombo: Schistosoma haematobium, kamene kamakhala m'mitsempha ya m'chikhodzodzo n'kumachititsa ana kukodza magazi, kapena Schistosoma mansoni, ka m'matumbo. Zolemba zakale zimati urinary schistosomiasis, zatsopano zimakonda kunena kuti urogenital. Apa ndikuchenjezeni: musaganize kuti ku Mangochi kuli likodzo la mkodzo lokha n'kusaka haematobium yekha. Mu 2017 akatswiri anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'mbali mwa nyanja kwanuko, zimene zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atayeza ana a sukulu anapeza kuti matendawo alipodi. Wosaka dzina limodzi lokha nkhani yaikulu imeneyi imamudutsa.

Kuti musalembe mayina onsewa limodzilimodzi, pali kanyenyezi. Mukalemba schistosom* ndi kanyenyezi kumapeto, PubMed ikupatsani mawu onse oyamba choncho: schistosomiasis, Schistosoma, schistosome. Chimodzimodzi bilharz*. Imafuna zilembo zingapo kanyenyezi kasanabwere, koma musadule mopyola muyeso. Mukalemba schi* mudzadzidzimuka mutadzaza sikirini ndi nkhani za matenda a maganizo otchedwa schizophrenia.

Chigawo cha anthu chili ndi misampha iwiri imene ndaiona ikukola ambiri. Woyamba, child* ikupatsani child, children ndi childhood, koma schoolchildren siikupatsani, poti liwulo likuyamba ndi zilembo zina. Mulilembe palokha, schoolchild*, muonjezere school* ndi adolescent*. Wachiwiri ndi liwu lakuti pupil. Ife timadziwa kuti ndi mwana wa sukulu, koma m'nkhokwe ya zachipatala pupil kawirikawiri ndi kamwana ka m'diso, ndiye mukaikapo kanyenyezi mwaitana madokotala a maso. Liwu lakuti learners, limene aphunzitsi athu amakonda masiku ano, mutha kuliika, koma olemba zachipatala saligwiritsa ntchito kwenikweni.

Pa malo, musayambe ndi Mangochi yekha. Olemba ambiri pamutu ndi m'chidule amangoti Malawi, kapena southern Malawi, kapena Lake Malawi, dzina la boma n'kulitchula m'kati mwa nkhani mmene PubMed siifika. Lembani Malawi, Mangochi, Nankumba, Chembe, ndi “Cape Maclear” m'zizindikiro zogwira mawu, kuti mawu awiriwo ayende limodzi. Mukafuna mbiri ya matendawa, kumbukirani kuti dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964 linkatchedwa Nyasaland, nyanja inali “Lake Nyasa”, ndipo Mangochi anali “Fort Johnston”. Dokotala wa nthawi ya atsamunda sakanalemba dzina limene linali lisanabwere.

Tsopano pepala ladzaza, tilimange. Mawu a m'chigawo chimodzi, kutsika pansi, mumawalumikiza ndi OR. Zigawo zitatuzo, kudutsa chopingasa, mumazilumikiza ndi AND. Muzilemba ndi zilembo zazikulu nthawi zonse. Poti ndinu mwana wa kunyanja, ganizani chonchi: OR ndiko kusokerera maukonde kuti atambalale, chilichonse chotchedwa dzina ili kapena ilo chikodwe. AND ndiko kusankha nsomba pagombe, kutsala ndi zokhazo zimene zili ndi zonse mukufuna. Ambiri amasokoneza ziwirizi poganiza kuti AND imawonjezera, pamene imachepetsa. Njira imeneyi inachokera ku masamu a George Boole, amene ankaphunzitsa ku Cork, ku Ireland, ndipo anaisindikiza mu 1854, kulibe kompyuta ngakhale imodzi. N'chifukwa chake mudzamva anthu akuti Boolean.

Pa PubMed dinani pamene palembedwa Advanced. Musake chigawo choyamba chokha: schistosom* OR bilharz*. Mubwerere ku Advanced, mupeza kuti kusakako kwasungidwa pansi ndipo kwapatsidwa nambala, #1. Musake chachiwiri: child* OR schoolchild* OR school* OR adolescent*. Chimenecho ndi #2. Chachitatu, cha malo, chikhala #3. Pomaliza mulembe #1 AND #2 AND #3. Ndimakonda njira imeneyi kuposa kulemba chingwe chimodzi chachitali, chifukwa mumaona ndi maso chiwerengero cha chigawo chilichonse. Zotsatira zikachepa kwambiri mumadziwa chigawo chimene chikutsamwitsa, n'kuchimasula. Kawirikawiri ndimauza ophunzira kuti ayambe ndi #1 AND #3 yokha, matenda ndi malo. Za dziko lathu sizichuluka moti n'kulephera kuwerenga mitu yake madzulo amodzi, ndipo mwa njira imeneyo simuphonya kafukufuku wa mudzi wonse amene ana a sukulu anali m'kati mwake. Zikachuluka, pamenepo ndiye musankhe Title/Abstract pa kabokosi ka kumanzere, kuti dzina la Malawi lizisakidwa pamutu ndi m'chidule basi, osati pa adiresi ya wolemba.

Pali liwu lachitatu, NOT, lochotsa zimene simukuzifuna. Ine ndimaliopa. Mnyamata wina, wochita za umoyo wa anthu, anabwera pa tebulo langa atatopa ndi nkhani za mbuna ndi nsomba zina, zimene zimatuluka zambiri munthu akangotchula Lake Malawi. Analemba NOT fish, nsomba zonse n'kuchoka, iye n'kusangalala. Tinakhala limodzi masana amenewo, ndinamupempha achotse kaye NOT uja kuti tiyerekeze mitu. Zimene anataya zinali zina mwa nkhani zofunika kwambiri pa mutu wake: kafukufuku wa ku Chembe wofufuza ngati kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, chifukwa cha kupha nsomba mopyola muyeso, kukuchulukitsa nkhono za Bulinus nyassanus zimene zimafalitsa likodzo m'madzi a m'nyanja momwemo. Anagwira pakamwa. NOT siifunsa kuti liwulo lalowa bwanji m'nkhani, imangotaya nkhani yonse. Inunso mukadzalemba NOT adult* pofuna ana okha, mudzataya kafukufuku aliyense amene anayeza ana ndi makolo awo pamodzi. Ndi bwino kudumpha ndi maso mitu khumi yosafunika kusiyana ndi kutaya umodzi wofunika osadziwa n'komwe.

Mukazolowera zimenezi, phunzirani MeSH. Ndi mndandanda wa mayina ovomerezeka umene laibulale ya zachipatala ya dziko la United States, mwini wake wa PubMed, yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira 1960. Nkhani ikalowa m'nkhokwe imapatsidwa mitu yochokera mu mndandandawu, kaya wolemba anati bilharzia kaya schistosomiasis. Likodzo la mkodzo mutu wake ndi Schistosomiasis haematobia, ndipo Malawi ndi mutu pawokha. Koma taonani apa, poti zikukhudza inu: mu MeSH, Child ndi mwana wa zaka 6 mpaka 12, pamene Adolescent ndi wa zaka 13 mpaka 18. Ana athu a Sitandade 7 ndi 8 ambiri amakhala atadutsa zaka 12, makamaka kumudzi kumene ena amayamba mochedwa kapena kubwereza kalasi. Mukasankha Child yekha mwasiya anyamata akuluakulu, omwe ndi amene amatandala m'madzi kukoka makoka ndi kusambira. Mutenge mitu yonse iwiri. Komanso musadalire MeSH yokha, chifukwa nkhani zina, makamaka zongotuluka kumene, zimakhala zilibe mitu imeneyi. Muziphatikiza ndi mawu a pa pepala lanu lija.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza nkhani imodzi yogwirizana ndendende ndi mutu wanu, musathamangire ina. Khalani nayo. Onani mawu amene olemba aika pansi pa chidule, onani mitu ya MeSH kumunsi kwa tsamba, mukopere pa pepala lanu mawu onse amene munalibe. Mwina mupezamo haematuria, kukodza magazi, imene Amereka amalemba hematuria. Mwina praziquantel, mankhwala amene ana amamwetsedwa kusukulu. Mwina mass drug administration, kumwetsa mankhwala anthu ambiri nthawi imodzi. Kenaka werengani mndandanda wa zimene olembawo anawerenga, ndiwo ukubwezereni m'mbuyo. Mukatero mukopere mutu wa nkhaniyo pa Google Scholar ndi kudina Cited by, muona onse amene anaitchula pambuyo pake, ndiye kupita kutsogolo kumeneko. Kwa ine ntchito yaikulu ya Google Scholar ndi imeneyi. Kanyenyezi kaja sikagwira ntchito kumeneko, ndipo bokosi lake sililandira mawu ambiri. Mukafuna kusakirako, lembani mawu ochepa, monga allintitle: schistosomiasis Malawi, kuti ikupatseni zokhazo zimene zili ndi mawuwo pamutu. Za ku Brazil zija zichoka zokha.

Musaiwale za kwathu. Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed komanso pa African Journals Online, nkhokwe imene inayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini a kafukufuku mazanamazana a mu Africa, ambiri mwa iwo osapezeka pa PubMed. Bokosi lake losakira silifuna zambiri, mawu awiri akwana. Nkhani ikakufunsani madola kuti muiwerenge, musalipire msanga. Pitani ku laibulale ya pa koleji yanu mukafunse za Hinari, njira yowerengera magazini a zaumoyo pa intaneti imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002 ndipo pano ili pansi pa Research4Life. Masukulu a ukachenjede ndi zipatala zophunzitsira za m'dziko muno zimaloledwa kulembetsa n'kumawerenga ulere. Zikakanika, lemberani wolembayo imelo yaulemu. Ambiri amatumiza.

Chilichonse mwasaka, lembani m'kope: tsiku, nkhokwe, mawu ndendende mmene munawalembera, ndi chiwerengero chimene chinatuluka. Manambala aja a pa Advanced amafufutika mukakhala maola 8 osagwiritsa ntchito, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito mudzayamikira kope limenelo. Aphunzitsi anu akadzafunsa kuti munasaka bwanji, mudzangotsegula tsamba. Mukamaliza zonsezi mwina mudzapezadi kuti sukulu za kwanu kwenikweniko palibe anaziyeza, kapena kuti anayeza mkodzo koma sanafunse anawo zimene amadziwa. Chimenecho ndiye mulembe, mutatchula kaye amene anakutsogolerani ndi zimene anapeza.

FUNSO

Amayi, ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza ndipo ndikuchita digiri ya maphunziro. Ndikufufuza za kuphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'Chichewa. Ndikalemba mawu a Chichewa sindipeza kanthu, ndikalemba dzina lakuti Chichewa zikutuluka zochepa. Mnzanga wandiuza kuti ndingofunsa mapulogalamu a AI andilembere mndandanda wa mabuku. Nditani?

Mphunzitsi, Dedza

YANKHO

Aphunzitsi, werengani yankho la pamwambali, pepala lopinda patatu lija likuthandizani inunso. Koma vuto lanu lili ndi mbali yake, poti chiyankhulo chathu chili ndi mayina ambiri m'mabuku. Dzina lakuti Chichewa linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1968. Kale chinkalembedwa kuti Nyanja kapena Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique mpaka lero amati Nyanja kapena Cinyanja. Akatswiri ena amalemba Chewa, ena akale Cewa, ena anafufuza Mang'anja. Ndiye chigawo chanu choyamba chikhale Chichewa OR Chewa OR Nyanja OR Chinyanja OR Cinyanja OR Cewa. Mukatero kafukufuku wa m'sukulu za ku Chipata ndi ku Lusaka, kumene ana amaphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chomwechi, akutulukirani, ndipo ndi wofunika kwa inu kuposa wa kutali.

Chigawo chachiwiri muikemo “mother tongue”, “medium of instruction”, “language of instruction”, “language policy” ndi “early grade reading”. Nkhokwe yanu yoyamba ikhale ERIC, ya zamaphunziro, yaulere, imene yakhalapo kuyambira 1966. Nayo ili ndi mndandanda wake wa mitu yovomerezeka, ndipo Language of Instruction ndi umodzi mwa mituyo. Pansi pa bokosi losakira pali timabokosi tiwiri, kena kosankha zokhazo zimene akatswiri anzawo anaziunika, kena kosankha zimene mungawerenge zonse pomwepo. Gwiritsaninso ntchito zaka. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenaka lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Zolembedwa lamulolo lisanabwere ndi zolembedwa pambuyo pake zikukamba zinthu zosiyana, ndiye muzisake padera, kuti musamange mfundo za nyengo ziwiri mtolo umodzi.

Kuti mawu a Chichewa satulutsa kanthu ndi zoona pa mbali yaikulu, chifukwa kafukufuku wambiri amalembedwa m'Chingerezi. Koma pali mawu athu amene akatswiri amawasiya mmene alili poti alibe ofanana nawo: ganyu, dimba, dambo, chinamwali, gule wamkulu. Wofufuza za umphawi kumudzi akalemba ganyu pa Google Scholar amapeza zolunjika kuposa akanalemba casual labour. Inunso mukafuna kudziwa chimene chimajombetsa ana kusukulu nthawi ya dzinja kapena ya zinamwali kwanu ku Dedzako, yesani ganyu ndi school, kapena “gule wamkulu” ndi school. Za mbiri ya sukulu za mishoni, monga ku Nkhoma ndi ku Mua, musake pa JSTOR, nkhokwe ya magazini a kafukufuku, mmene muli Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal. Kumenekonso kumbukirani kalembedwe kakale ka malo: Mlanje, Cholo, Kota Kota, Port Herald m'malo mwa Nsanje.

Za mnzanuyo, mapulogalamu amenewo angakuthandizeni kuganizira mawu ena oti muike pa pepala lanu, ndipo pamenepo ndilibe nawo chifukwa. Koma mndandanda wa mabuku musaulandire osayeza. Amatha kupeka mutu, wolemba, chaka ndi tsamba, zonse zooneka bwinobwino, nkhaniyo kulibe. Ndathandizapo ophunzira kusaka nkhani zoterozo tsiku lonse osazipeza. Mutu uliwonse umene akupatsani, muukopere m'zizindikiro zogwira mawu pa Google Scholar kapena pa ERIC. Ukatuluka, mutsegule nkhaniyo muiwerenge nokha. Ukapanda kutuluka, muufufute pa mndandanda wanu.